Amayi Mapu ndi Dziko Lomwe Tinalikwirira

Tsamba lino nthawi zambiri limakhala la mawu ofatsa, ndipo akomiti ya parishi anapempha kuti mbiri ya Amayi Mapu ilembedwe mofatsa. Tiyesetsa, koma tisanamizane. Ena mwa amene anayankhula zotsekemera pamaliro awo ndi omwewo amene anawatsekera chitseko ali moyo, ndipo enafe amene tinangopinda manja nthawi imeneyo tilibe pobisala. Mbiri yawo nayi, monga momwe inayendera.

Anabadwira m'kanyumba ka m'mbali mwa njanji. Bambo awo anali m'gulu la okonza njanji, ntchito yosalola munthu kuzika mizu, choncho banja linkasamuka pafupipafupi, katundu yense m'mabokosi awiri ndi mtolo wa zofunda. Dziko lawo analiphunzirira pazenera la sitima. Bambo awo ankawanyamula n'kumawalozera kuti mtsinje uwu ndi wakuti, ukauoloka walowa m'chigawo china, ndipo utsi ukuonekera apowo ndi wa likulu lake. Kulikonse kumene ankafika ankatchedwa obwera. Ana anzawo ankawaseka kayankhulidwe, ndipo akangozolowera mawu a kumeneko, sitima inkabwera kudzawatenga kuti akasekedwenso kwina.

Ali ndi zaka zoyambira sukulu, banja linakakhala pa kasiteshoni kena ku ngodya yakutali ya dziko, m'chigawo chouma kumene nthaka imayera ndi mchere ndipo anthu amakhalira kuukumba. Kumeneko mayi awo anadwala malungo n'kumwalira, bambo ali kutali ndi gulu lawo. Kamtsikana kanatsala kokha ndi mtembo. Anabwera ndi amayi a m'mudzi wapafupi, anthu achilankhulo china. Anasambitsa mtembo, anasoka nsalu, amuna awo anakumba manda m'nthaka yolimba yothyola makasu, ndipo mayi wina anakafungatira kamtsikanako mpaka bambo ake atafika. Palibe anafunsa kuti malemuwa kwawo n'kuti. Amayi Mapu ankakonda kunena kuti, "Sitinkamvana chilankhulo, koma anandimva." Pa diresi limene mayi awo anasiya anadulapo batani limodzi, n'kulisunga.

Atakula anaphunzira zauphunzitsi, ndipo boma linawatumiza m'tauni yathu ino. Kuno anakwatiwa ndi bambo wina wopaka penti m'nyumba za anthu, munthu wosachuluka mawu, amene ankanena yekha kuti m'banja mwawo mlomo ndi umodzi ndipo si wake. Pakati pa sabata ankaphunzitsa ku sukulu ya pulayimale, Loweruka masana n'kumaphunzitsa katekisimu muholo ya parishi. Chaka china madzi atasefukira m'chigawo cha kumapiri, anauza ana kuti agwade apempherere anthu a kumeneko. Mwana wina anakweza dzanja n'kufunsa ngati kumeneko ndi dziko lathu lomwe lino. Anali mwana woti dzulo lake analakatula malikulu onse a zigawo pamtima osaphonya. Mayina ankawadziwa, koma sankadziwa kuti m'mayinamo muli anthu.

Tsiku lomwelo anapita kwa wansembe wa nthawi imeneyo, nkhalamba yomva mochedwa koma yamtima, kukapempha chinthu chimodzi: pansi pa holo. Wansembe anayesa kuti akufuna kukolopa, ndipo anavomera msanga.

Anagwada pa simenti imeneyo tchuthi chonse, iwo ndi amuna awo, akujambula dziko lonse kuchokera pakhomo mpaka kuzenera lakumapeto. Penti inali yotsala ku ntchito za bamboyo, motero mitundu inkatengera mwayi. Malire a zigawo anali akuda, mitsinje yobiriwira mosiyanasiyana, ndipo chaka china mapiri onse a dziko lino anali apinki chifukwa amuna awo anali atangomaliza kupenta malo okonzerako tsitsi. Pa likulu la chigawo chilichonse anakumba kadzenje n'kumatirapo chitsekerero cha botolo, pa likulu la dziko n'kuikapo chivundikiro cha chitini cha penti. Ku ngodya ya kuzenera, m'chigawo cha mchere, pambali pa kamzere ka njanji, anamatirapo batani lija. Kuyambira pamenepo dzina lawo lenileni linaiwalika, aliyense ankangoti Amayi Mapu.

Malamulo awo anali awiri. Loyamba linali la pakhomo: "Vulani nsapato, mukuponda anthu." Lachiwiri linali loti mwana asaime pa chigawo cha kwawo. Aliyense ankapatsidwa chigawo cha eni ake kwa chaka chathunthu. Ankayenera kudziwa likulu lake, maboma ake, mtsinje wake waukulu, zimene anthu amalima kapena kukumba, komanso chimene chimawaliza, kaya ndi chilala, kaya madzi osefukira, kaya migodi yogumuka. Akadziwa zimenezo, ndiye ankaima pa chitsekerero chake n'kuwapempherera mokweza. Ankati kupempherera munthu amene sukudziwa kumene amagona n'kumutayitsa Mulungu nthawi.

Musaganize kuti munali chisoni muholomo. Ankatuma mwana ulendo wochokera ku likulu lake kupita ku la mnzake, akutchula mtsinje uliwonse umene waoloka ndi boma lililonse limene wadutsa. Wina akaponda m'nyanja mosazindikira, holo yonse inkakuwa kuti wamira, ndipo ankayenera kusambira ndi mimba pa simenti mpaka kumtunda. Ana a Amayi Mapu ankakhoza mayeso a za dziko kuposa ena onse, ndipo makolo ankawakonda kwambiri chifukwa cha zimenezo. Tinene zoona: tinkakonda malikisiwo. Mapempherowo tinkangowalekerera ngati zokometsera.

Mayesero sanawalambalale. Mimba zawo zinkangopita padera, ndipo panali amayi ena m'parishi muno, opemphera ndithu, amene ankanong'onezana kuti n'chifukwa chake amakangamira ana a eni. Anazimva, napitiriza kuphunzitsa anawo. Amuna awo anagwa pamakwerero ali pantchito, anagona pamphasa miyezi yambiri, ndipo iwo anawasamalira mpaka tsiku lomaliza popanda kujomba katekisimu. Mawondo awo anatha ndi simenti, popeza chaka ndi chaka ankagwadanso kutsitsimutsa penti, tsopano ali okha. Pa zonsezi sanadandaule. Koma asatinamize munthu kuti anali nkhosa. Anali ndi mtima wapachala, ndipo ankaudziwa. Ankati ena Mulungu anawapatsa mtanda wa matenda, iwo anawapatsa lilime, ndipo ankapita nalo kokalapa kawirikawiri kuposa tchimo lina lililonse.

Kenaka kunagwa chilala chachikulu ku chigawo cha mchere, ndipo anthu a kumeneko anayamba kufika m'tauni muno ndi mitolo pamutu. Poyamba tinawamvera chisoni. Chisoni chathu sichinakhalitse. Fakitale itachotsa anthu ntchito, tinati ndi iwo, poti amavomera malipiro ochepa. Malo atachepa mumsika, tinati ndi iwo. Nkhuku ikasowa, mwana akatsokomola, tinati ndi iwo. Kunabuka ndewu kumsika, timashopu tawo tinatenthedwa, ndipo mabanja a kumeneko amene ankapemphera nafe anayamba kukhala benchi lakumbuyo, kenaka anasiyiratu kubwera. Palibe anapita kukawafunsa.

Chaka chimenecho chigawo cha mchere chinagwera mwana wamkazi wa wapampando wa komiti ya parishi. Anali kamtsikana kosatopa kufunsa, ndipo Amayi Mapu anakatcha Mafunso. Mafunso anachikonda chigawo chake. Anafuna kudziwa kuti mchere amaukumba bwanji, madzi akumwa amawapeza kuti, ndiponso batani lija ndi la ndani. Anamuuza zonse. Loweruka lina, iye ataima pa chitsekerero chake, maso ali chitsinzinire, akupempha mvula ya anthu a kumeneko, bambo ake analowa. Analowa ndi nsapato. Anadutsa zigawo zinayi osayang'ana pansi, anamugwira mwanayo pamkono n'kumukoka.

"Mwana wanga sapempherera akuba," anatero. "Mum'patse kwina."

"Bambo, mwaponda anthu," anayankha Amayi Mapu. "Ndipo mwanayo musiyeni amalize, sakuyankhula ndi inu."

Sanamusiye. Anatuluka naye akulira, kansapato kake katatsala pakhomo, ndipo sanabwererenso ku katekisimu wa muholo.

Sabata yotsatira anapeza ngodya ya kuzenera itapalidwa. Munthu wina, amene mpaka lero amalandira nafe Mgonero osatsamwa, anatenga chitsulo n'kupala chigawo chonse cha mchere, malire, njanji ndi mtsinje womwe, n'kuzula chitsekerero cha likulu. Batani lokha ndi limene linakanika, linali litamira kwambiri m'simenti. Amayi Mapu anayang'ana ngodya yopalidwayo. Kenaka anauza ana kuti akhale pansi, anapita kunyumba kukatenga zitini zotsala za malemu amuna awo, nagwada n'kuyamba kujambulanso ana akuona. Chinapalidwanso, anajambulanso. Mawondo anatupa mpaka ankadzuka pogwira khoma, koma Loweruka lililonse dziko linkakhala lathunthu. Popeza makolo onse tsopano ankakana kuti ana awo aime pamenepo, ankaimapo okha, nkhalamba pakati pa tiana, n'kutchula likulu, mtsinje ndi chilala.

Ataona kuti kupala kwalephera, anzeru athu anapeza njira yaulemu. Pamsonkhano wa parishi wapampando ananena kuti holo yakalamba, pansi pake pakuchititsa manyazi alendo, ndipo nthawi yakwana yoti tiikemo matailosi oyera ngati maparishi ena. Za mchere sanatchule n'kamodzi komwe. Anthu anawomba m'manja. Wansembe wokalamba uja anali atamwalira kale, ndipo amene analipo anali munthu wabwino woopa phokoso, amene yankho lake pa nkhani iliyonse yovuta linali lakuti tiipempherere. Tonse m'chipindamo tinkadziwa chimene matailosiwo ankabwerera, ndipo tonse tinayang'ana pansi.

Amayi Mapu anapempha kuti ayankhule. Anayamba bwino. Anakumbutsa kuti m'mera mpoyamba, kuti mwana amene wapempherera malo sadzawatentha akakula. Anafotokoza za kasiteshoni kaja, za makasu othyoka ndi za mayi amene anawafungatira. Ali mkati moyankhula, wina kumbuyo anaseka n'kunena kuti ngati amawakonda choncho apite akakhale komweko. Pamenepo lilime lija linadumpha mpanda. Anamenya tebulo ndi ndodo yawo mpaka makapu anagwa.

"Si holo imene ikukuchititsani manyazi," anatero. "Mukufuna kukwirira anthu amoyo kuti muzivina pamwamba pawo. Inu bambo wapampando, Lamulungu mumagwada kutsogolo kuti tikuoneni, koma mtima wanu ndi wouma kuposa nthaka imene anthu aja anakumba. Ndipo nonsenu amene mwakhala chete, ndinu amantha."

Sananame, koma anawapatsa chimene ankafuna. Nkhani inasiya kukhala ya mapu, inasanduka ya mayi wachipongwe amene watukwana akuluakulu pamaso pa wansembe. Tsiku lomwelo anavomereza matailosi, n'kuwaimitsa Amayi Mapu kuphunzitsa katekisimu. Lamulungu lotsatira iwo anaimirira m'tchalitchi, napepesa kwa wapampando ndi kwa mpingo chifukwa cha ndodo ndi ukali. Anati mawuwo anawatulutsa moipa, ndipo akupempha chikhululukiro pa katulutsidweko, koma kuti awabweze sangathe, chifukwa kunama m'nyumba ya Mulungu kungakhale kuwonjezera tchimo pa tchimo. Anthu ena anatcha zimenezo kudzikuza.

Tsiku loika matailosi anabwera n'kuima panja pazenera. Anaona amisiri akuthira simenti pa mapiri, pa nyanja, pa chivundikiro cha likulu la dziko. Atayandikira ngodya ija, mmisiri wamkulu, amene anali atamva nkhani ya batani, anatuluka ndi tchizulo m'manja n'kuwafunsa mwaulemu ngati angawachotsere kuti akalisunge.

"Ayi, bambo, mayi anga asiyeni pomwepo," anatero. "Kumeneko anawalandira bwino. Akakwiriridwa, akwiriridwe pamodzi ndi amene anawaika m'manda."

Anabwerera kunyumba osalira, ndipo mwana wa mchemwali wawo, amene ankakhala nawo, akuti tsiku limenelo sanadye.

Munthu wina akanasamukira mpingo wina, ndipo tikanapuma. Iwo ayi. Misa ya m'mawa sanaiphonye, ankakhala pamalo awo omwewo, ndipo nthawi yopatsana mtendere ankatambasulira dzanja aliyense, ngakhale amene ankalilandira ndi nsonga za zala. Ankayendera mabanja a ku mchere aja kumene anasamukira, kuseri kwa fakitale, ndipo ana ochepa amene makolo awo ankalola ankawaphunzitsa pabwalo la nyumba yawo, akulemba dziko pafumbi ndi ndodo, mphepo n'kumafafaniza. Ndipo nthawi iliyonse akamalowa muholo, kaya ndi pamsonkhano, kaya paukwati, ankaima pakhomo, n'kuwerama movutikira, n'kuvula nsapato. Ankayenda opanda nsapato pa matailosi ozizirawo, akulambalala pamene panali nyanja. Achinyamata ankaseka, akuti agogo ayamba kusokonekera mutu. Ife amene tinkadziwa chifukwa chake sitinawadzudzule achinyamatawo, poti kuwafotokozera kukanatiyalutsa.

Patapita zaka wapampando uja anafa ziwalo mbali imodzi. Anzake owomba m'manja anabwera sabata yoyamba, kenaka anatanganidwa. Amene ankafika Lachisanu lililonse, akutsimphina ndi ndodo, anali Amayi Mapu. Ankamutembenuza pabedi, kumupukuta malovu ndi kumuwerengera mapemphero. Tsiku lina bamboyo, mawu akutuluka mopotoka, anawafunsa chifukwa chimene amadzivutitsira chonchi. Anamuyankha kuti, "Musaganize kuti ndimakukondani, bambo. Ndikuphunzira kumene, ndipo phunziro lake likundivuta." Akuti bamboyo anaseka mpaka kutsokomola, kenaka analira. Za mapu sanapepese, ndipo iwo sanamufunse.

Anatisiya mwezi wathawu, m'mawa dzuwa litalowa kale m'chipinda. Wansembe anali atawabweretsera Mgonero, ndipo anaulandira ali ndi nzeru zawo zonse. Kenaka mwana wa mchemwali wawo anaona chala chawo chikuyenda pa bulangeti pang'onopang'ono, ngati chikutsata njanji. Ankatchula likulu, n'kunena kapemphero kakafupi, chala n'kusuntha. Anadutsa kumapiri, kumigodi, kunyanja, mawu akunka nachepa. Chala chitafika m'mphepete mwa bulangeti, ku ngodya, anatchula likulu la ku mchere, namwetulira ngati munthu amene waona womudikira pasiteshoni. Sanapwetekedwe, sanalimbane. Chala chinangoima pomwepo.

Mtembo unafikira muholo, popeza m'nyumba mwawo munali mochepa. Akomiti anayala mipando bwinobwino, ndipo oyankhula anayamba kusinthana, kuwatcha mzati wa parishi, mayi wa ana onse. Wina mwa amene anawomba m'manja tsiku lija anafika ponena kuti sitidzapezanso wina wotere, osachita manyazi ngakhale pang'ono.

Ali mkati moyankhula, bambo wina wa imvi, woyendetsa basi, amene anaphunzira katekisimu kwa iwo, anadzuka, anapita pakhomo n'kuvula nsapato. Anabwerera wopanda nsapato, anasuntha mpando umodzi, n'kuima pa tailosi ina pafupi ndi khoma. Mayi wina wogulitsa nsalu anachita chimodzimodzi, n'kukaima chapakati. Kenaka ena, ndi enanso: aphunzitsi, amakanika, wapolisi mu yunifolomu yake. Pakhomo panaunjikana nsapato, mipando inakankhidwira kumbali, woyankhula uja anangotsala ndi pepala lake m'manja. Pansi panalibe mzere uliwonse, koma aliyense anapita ndendende pamene panali chitsekerero chake, ndipo amene anasochera pang'ono anzake anamuuza kuti wamira, asunthe. Anthu anaseka misozi ili m'maso. Dziko lonse linaimanso muholo muja, kupatula ngodya ya kuzenera. Imeneyo inali yopanda munthu, ndipo tonse tinaiona.

Amene anaitseka ndi mayi wina wa yunifolomu ya unamwino, amene anali atangotsika basi ndi chikwama chake. Ambiri sitinamuzindikire mpaka atavula nsapato. Anali Mafunso. Atamaliza maphunziro anapempha yekha kuti akagwire ntchito ku chipatala cha ku mchere, kumene anzake onse ankakana, ndipo ali komweko mpaka lero. Anadutsa pafupi ndi njinga ya olumala imene anakhalapo bambo ake, anawagwira paphewa, n'kupitirira mpaka pa ngodya. Anatchula likulu, maboma ake, mtsinje umene umauma theka la chaka, ndi mchere. Kenaka anatsinzina.

"Ndinasiyira pa mvula," anatero. Ndipo anamaliza pemphero lake.

Chitsanzo chimene Amayi Mapu atisiyira sichifuna kuti wina achikometsere. Anakonda Mulungu ndi mawondo awo, anakonda anthu amene ife tinawada, ndipo anatikhululukira movutikira, zomwe ndi zoposa zimene tinayenera. Mzimu wawo uuse mumtendere. Koma ife tisafulumire kuusa. Tsiku limene lija, pamene akuluakulu anaima aliyense pamalo pake, ana athu a katekisimu wa lero analinso muholomo. Ataona makolo awo akuvula, nawonso anavula tinsapato tawo. Kenaka anayang'ana pansi, pa matailosi athu oyera aja, ndipo anakaunjikana kukhoma, chifukwa panalibe mmodzi yemwe amene ankadziwa poti aime.